Mboni ya Mng'ono Wanga

Chinthu chija chimene anthu opemphera amachilakalaka chinagwera mng'ono wanga, osati ine. Mano atha m'kamwa, maso achita chidima, koma nsanje yokha sinakalambe. Ndikulemba izi chifukwa mdzukulu wanga wina wophunzira kwambiri anabwera ndi kabuku kudzandifunsa mmene anthu a kwathu kuno ankakumanira ndi Mulungu kale. Anati aphunzitsi ake amanena kuti pa nkhani zotere sufunsa ngati chinthucho chinachokeradi kumwamba, poti palibe angakwere kukaona. Umafunsa zimene chinachita pakati pa anthu. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Nzeru imeneyo ine ndinaimva ndili mtsikana wa mwana mmodzi kumbuyo, kuchokera kwa munthu wong'ambika zidendene, ndipo inandipsereza. Mdzukuluyo ndinamupatsa nkhani za nyimbo ndi za ubatizo wa m'nyanja. Iyi ndinamubisira.

Tinkakhala kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathirira m'nyanja, panjira yopita ku Kanyenda. Dziko linali lidakali m'manja mwa azungu, amuna ambiri a m'mudzi mwathu ali kutheba, kumigodi ya ku Joni, ndipo mpunga ndi chinangwa zinali pamsana pa ife akazi. Amuna anga sanapite kutheba chifukwa anali aphunzitsi a mishoni. Pakati pa mlungu ankaphunzitsa ana pansi pa mtengo, Lamulungu n'kutsogolera mapemphero m'katchalitchi kathu kofolera ndi udzu. Wansembe ankachokera kuboma ku Kota Kota, ndipo ankatifika kangapo kokha pachaka.

Ine, pokhala mkazi wa aphunzitsi, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Nsalu za paguwa ndinkachapa ndine, n'kuzisita ndi simbi ya makala, n'kuzipinda mpaka ngodya zonse zikumane ndendende. Katekisimu yense ndinali nditamuloweza. M'tchalitchimo munalibe mipando. Amuna ankakhala mbali yawo, ife akazi mbali yathu pamphasa, ndipo mphasa ya kutsogolo kwenikweni inali yanga. Kumbuyo, pakhomo pomwe nkhuku zinkasuzumira, anali malo a anthu oimitsidwa. Munthu akalakwira mpingo ankakhala pamenepo, mawu n'kumamva, koma ikafika nthawi ya Mgonero ankangoona misana ya anzake akupita kukalandira. Kukhala pakhomo anali manyazi aakulu kuposa kuyenda ndi nsalu yong'ambika kumbuyo.

Chimene sindinauze munthu, ngakhale amuna anga, n'chakuti m'kugwada kwanga konse sindinamvepo kanthu. Akuluakulu amene anabatizidwa ali aakulu kale ankasimba kuti tsiku lakutilakuti mtima unawatentha, ena kuti misozi inangotuluka yokha. Ine ndinkatsinzina mwamphamvu n'kumadikira. Chimene chinkabwera chinali dzanzi m'miyendo, ndi maganizo akuti kodi ndiwo ndasiya pamoto zija sizipserera.

Mng'ono wanga wondiponda pamutu anali munthu wina. Sukulu anaithawa asanadziwe kulemba dzina lake, pemphero lililonse ankalisokoneza pakati, ndipo pakamwa pake panali poopsa moti ngakhale agalu a m'mudzi ankamudziwa. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kuchona. Anamusiyira kamwana kamodzi kakakazi, ndipo kamwanako kanamwalira ndi kutentha thupi kasanayambe n'kuyankhula komwe. Pamaliropo mng'ono wanga anadzuka pakati pa akazi olira, n'kuloza chala mayi ena amasiye okalamba a nyumba yoyandikana ndi yake, n'kuwatchula mfiti, chifukwa masiku apitawo mayiwo anapatsa mwanayo kachinangwa kootcha. Mpingo unamuimitsa n'kumuika pakhomo. Koma mawu akatuluka sabwezedwa. Kuyambira tsiku limenelo palibe anakapalanso moto kwa mayi aja kapena kulawa chakudya chawo, ana ankalambalala nyumba yawo, ndipo iwo analeka kubwera kutchalitchi. Anatsala okha ndi chilonda chawo cha pamsongolo chimene sichinkapola.

Chaka chachiwiri ali pakhomo, Pasaka itangopita, mpunga unayamba kucha ndipo tonse tinali kudambo kuingitsa mpheta. Munda wanga ndi wake inali yogundana. Aliyense ankaima pachulu chake n'kumakoka chingwe chomangirira zitini, uku akukuwa. Dzuwa lili paliwombo ndinazindikira kuti zitini za mng'ono wanga zakhala chete. Ndinamukalipira ndili patali kuti ulesi udzamupha, koma sanayankhe. Nditafika ndinamupeza atakhala pansi pachulupo, chingwe chili pambali, mpheta zili piringupiringu mumpunga wake. Maso anali otsegula, misozi ikuyenda, koma nkhope inali phee ngati ya munthu wongodzuka kumene kutulo tabwino.

"Achemwali, anditula," anatero.

Ndinamufunsa kuti wamutula ndani, nanga amutula chiyani. Anati sakudziwa. Sanaone munthu, sanamve mawu, kunalibe kuwala kwina koposa dzuwa lomwelo. Anangomva ngati mmene zimakhalira ukachokera kutali ndi mtolo wa nkhuni, wina n'kukulandira mosayembekezera, khosi n'kutsala lopepuka. Ndinamuuza kuti adzuke, mpunga ukutha. Anadzuka n'kutola chingwe chake. M'mawa mwake anthu anamuona atasenza mtsuko wa madzi akulowa m'nyumba ya mayi a chilonda aja, nyumba imene munthu anali asanapondemo chiyambire maliro.

Nkhani inayenda, ndipo aliyense anaipatsa dzina la kwawo. Amalume athu, amene sanalowe mpingo, anati imeneyo ndi mizimu ya kuchikazi, ikufuna ng'oma ndi nsalu yake, tikachedwa mwanayo apenga. Mnansi wathu wina, mayi wachisilamu wa kutsidya kwa khwawa amene mwamuna wake ankasoka zovala, anati mwina ndi majini a kudambo, mwinanso ayi. Anati kwawo pa sikiri, pamene anthu amatchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza pamaliro, akazi ena amagwa ndithu, ndipo anzawo amangowathira madzi n'kuona ngati akadzuka agwira ntchito za pamaliropo kapena akhala pamthunzi kudikira kutamidwa. Bambo wopereka mankhwala kumishoni atamva anati ndi dzuwa losakanikirana ndi malungo, n'kutumiza kwinini. Ine ndinagwirizana ndi wa kwininiyo, ndipo mawu ake ndinkawabwereza kwa aliyense wondifunsa ndi wosandifunsa yemwe.

Abambo wansembe anafika nyengo yozizira. Anali munthu wakuda ngati ife, nkhalamba yaifupi ya kuchilumba cha pakati pa nyanja, yokulira m'mabwato, ndipo ulendo wonse wochokera kuboma ankauyenda wapansi. Akuluampingo anakhala nawo pansi kuseri kwa tchalitchi, ife akazi tili chapambali, n'kuwapempha kuti agamule: chimene chagwera mayiyu n'cha Mulungu, n'cha ziwanda, kapena n'cha dzuwa? Ngati n'cha Mulungu, abwezedwe ku Mgonero. Amuna anga anali atakonza mafunso a m'katekisimu oti amuyese nawo, ndipo ine mumtima ndinali nditayamba kale kuvina, podziwa kuti funso lachiwiri safikako.

Abambowo mafunsowo sanawafune. Anamvetsera mng'ono wanga akusimba za mtolo wake wa nkhuni, n'kukhala kanthawi akukanda chidendene.

"Pachulupo ine panalibe, ndipo m'chifuwa mwa mwanayu sindingalowemo," anatero. "Kwathu munthu akasema bwato sititaya nthawi kukangana kuti mtengo wake unagwa ndi mphepo kapena ndi nkhwangwa. Timalikankhira m'madzi n'kuona ngati liwolotsa anthu. Tiyeni timuone mpaka Pasaka."

Kenako anati pafunika mboni, munthu womuona kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amene sangamukometsere. Anayendetsa maso pa akazi tonse n'kuima pa ine. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti andisankha chifukwa cha ulemu wanga. Tsopano ndikuganiza kuti nkhalamba ija inaona mmene ndinapotolera pakamwa mng'ono wanga akuyankhula. Choncho kubwerera kwake ku Mgonero kunaikidwa palilime langa.

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse, kuposa ya nsalu za paguwa. Ndinkadziwa nthawi imene wadzuka, amene wayankhula naye pachitsime, ngakhale kwa amene wakapempha mchere. Ndipo zimene ndinkaona zinkandidwalitsa. M'mawa uliwonse ankafunditsa madzi, n'kuthiramo mchere uja, n'kukatsuka chilonda cha mayi aja, chilonda chimene fungo lake linkakupeza uli panja. Musaganize kuti mayiwo ankathokoza. Anali ndi mkwiyo wosungidwa nthawi yaitali, ndipo ankaukhuthulira pamutu pa wowatsukayo: madzi atentha, madzi azizira, wabwera kudzandimaliza. Tsiku lina anamugenda ndi chipande. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, khutu lili tcheru, kudikira kuti pakamwa paja patseguke. Ndinangomva mng'ono wanga akupuma mwamphamvu ngati ng'ombe, kenako madzi akuyambanso kuchucha.

Sikuti anasanduka mngelo. Kumunda ulesi unali womwewo, mapemphero ankawasokonezabe, ndipo akaseka ankamveka kutsidya kwa Bua. Zimenezi ndinkazitengera kwa amuna anga ngati mphaka wobweretsa mbewa, iwo n'kumandiyankha kuti kuseka si tchimo. Tsiku lina tikudya anatchula katatu konse kuti alamu asintha. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti mbale yawo ndizikaipereka kwa alamu awowo. Akazi amene kale ankabwera kwa ine kudzafunsa tsiku la ubatizo kapena kudzawerengetsa kalata ya kutheba ankabwerabe, koma zolira zawo ankapita nazo kwa iye, munthu wosadziwa ngakhale pemphero la chakudya. Ine zaka zonsezo ndikupsa zala ndi simbi chifukwa cha nyumba ya Mulungu, Mulungu n'kudumpha khomo langa kukagogoda kwa wotukwana. Zinkandiwawa, ndipo ndinalibe woti ndimuuze.

Ndiulule ndi ichi chomwe. Mpunga utakololedwa, kudambo kulibe munthu, ndinapita ndekha pachulu chake chija dzuwa lili paliwombo. Ndinakhala mmene anakhalira iye, n'kutsegula maso mmene anatsegulira iye. Ndinadikira mpaka mutu unayamba kuwawa. Zimene zinandipeza ndi nyerere zoluma, zimene zinandilowa m'nsalu, moti ndinabwerera kumudzi ndikudzikanda ngati wamphere.

Mvula inagwa, miyezi ya njala inafika, Lenti, nyengo yolapa yotsogolera Pasaka, ikuyandikira, ndipo ine ndinalibe choti ndikanene. Apa m'pamene ndinachita chimene ndakhala ndikuchizungulira chiyambire kulemba. Kwathu chinangwa chowawa sitidya tisanachiviike. Mkazi aliyense anali ndi kadziwe kake m'mphepete mwa khwawa, kotchinga ndi miyala kuti madzi azilowa koma chinangwa chisatuluke. Umachisiya masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, n'kuchivuula, kuchisinja, kuchiyanika, ndiye upeze ufa wa kondowole. Kadziwe ka mnzako sukhudza. Ngakhale akazi odana mpaka kusalonjerana lamulo limeneli ankalisunga, poti njala aliyense ankaidziwa. Mng'ono wanga anali ataviika madengu awiri, otsiriza m'munda mwake, odyetsa iye ndi mayi a chilonda aja.

Tsiku lachitatu masana, anthu ali kumaliro kumudzi wina, ndinatsikira kukhwawa. Madzi anali odzaza, akuthamanga. Ndinachotsa miyala ya mbali ya kumunsi umodziumodzi, n'kuimirira kuonerera chinangwa chikutuluka choyera mbee, chikupita ku Bua. Ndinkadziuza kuti ndikuthandiza Abambo: si iwo anati bwato liyesedwe m'madzi? Ndinkati anthu adzati madzi agumula okha, iye adzakwiya, adzasaka womunamizira monga anachitira kale, ndipo mudzi wonse udzamva.

Mng'ono wanga anandipeza m'mawa mwake kuseri kwa nyumba yanga ndikusita. Amuna anga anali kusukulu, pafupi panalibe munthu. Miyendo yake inali matope okhaokha.

"Madzi akagumula amamwaza miyala," anatero motsitsa mawu. "Ija ndaipeza pamtunda, yondandalika bwinobwino, waukulu kuno, waung'ono uko. M'mudzi muno wochita zinthu motero ndi mmodzi."

Ndinali ndisanaganizeko n'komwe. Manja anga ozolowera kupinda nsalu anachita okha. Ndinayesa kukana, ndipo kukanako ndi kumene kunamasula chingwe. Pakamwa paja panatseguka ponse. Ulemu wa achemwali unathera pomwepo, ndinasanduka iwe. Anatukwana ine, simbi yanga, mphasa yanga ya kutsogolo, ndipo pomaliza anandiloza ndi chala chomwe chija n'kunena mawu omwe aja amene anamuikitsa pakhomo: mfiti. Atangowatchula anadzigwira pakamwa. Nsalu ya paguwa inali ikupserera pansi pa simbi, koma ine mtima unali myaa.

Abambo atabwera mu Lenti tinakhalanso kuseri kwa tchalitchi. Anandifunsa zimene ndaona. Za chilonda ndinazinena mwachidule, poti aliyense ankazidziwa. Kenako ndinatsitsa maso ngati munthu womva chisoni, n'kunena kuti mwezi wathawu wanditchula mfiti, ine mkulu wake. Sindinaname. Anthu anang'ung'udza. Abambo anamufunsa ngati n'zoona, iye anavomera. Anamufunsa chimene chinayambitsa. Mawu awiri okha akanandivula pamaso pa amuna anga ndi mpingo wonse. Mng'ono wanga anandiyang'ana kamodzi.

"Ndi pakamwa panga, Abambo," anatero. "Sipanapole."

Abambo anamuwonjezera chaka china pakhomo. Miyezi yotsala ya njalayo iye ndi mayi aja anakhalira masamba a chinangwa ndi zopempha, ndipo mayi wachisilamu uja ndi amene ankawatumizira kampunga mobisa. Ine ndinapambana, koma chakudya sichinkanditsika bwino. Kundibisa kwake pamaso pa anthu kunandipweteka kuposa kutukwana kwa kuseri kuja, chifukwa kutukwanako ndinkadziwa pokuika. Chaka chimenecho palibe anandituma kukhala mboni, koma kuyang'ana sindinaleke. Maso anali atazolowera.

Lamulungu lina m'nyengo yozizira, tikuimba nyimbo yoyamba, ndinamva anthu akutembenuka. Mng'ono wanga ankalowa atabereka mayi a chilonda kumbuyo ngati mwana. Anawakhazika pakhomo pomwepo, pambali pake, poti kutsogolo iye sankaloledwa, ndipo mayiwo anakana kukhala ndi anthu amene anawasala. Mlungu wotsatira mkazi wina wa mwana wovuta anakhala nawo, ati mwana akalira atuluke msanga. Kenako wina anati kutsogolo kukutentha. Pofika nthawi yodzala, mphasa za akazi zinali zitasendera kumbuyo, pamalo amanyazi paja pali pothinana, ndipo ine kutsogolo ndinatsala ndi amayi awiri osamva bwino amene ankafuna kuyandikira ulaliki. Palibe analamula zimenezi, ndipo palibe akanaziletsa. Amuna anga ankalalikira mokweza kuti mawu akafike kumene kuli anthu.

Nanenso ndinayesako. Tsiku lina ndinaphika phala la mpunga lothira nsinjiro, n'kuliika m'mbale yanga ya alendo, n'kuyenda nalo pang'onopang'ono pakati pa mudzi kuti aliyense aone kumene likupita. Mayi a chilonda analinunkhiza, n'kundifunsa kuti mkazi wa aphunzitsi wadziwa liti njira ya kwa mfiti. Anati ndilisiye pansi, adya akabwera mwana wawo. Mwana wawo ankanena mng'ono wanga. Mbale yanga inabwera patapita masiku atatu, yosatsuka.

Mayiwo anamwalira m'miyezi ya mvula yambiri. Anthu omwe aja amene ankalambalala nyumba yawo anadzaza bwalo. Wosambitsa mtembo anali mng'ono wanga.

Lenti itayandikiranso, Abambo anatumiza mawu akuti ulendo uno mwini wake asankhe yekha mboni yodzamuyankhulira. Aliyense mwa akazi a pakhomo aja akanamutama mpaka dzuwa kulowa. Iye anatchula ine. Nditamva ndinaganiza kuti ndi msampha, akufuna akandiulule anthu onse ali pomwepo. Ndinamulondola kukhwawa komwe ankavuula chinangwa, n'kumufunsa chimene akufuna kwa ine. Ndipo poti tinali awiri, ndinafunsanso funso limene linkandidya nthawi yonseyi: kodi pachulu paja chinali chiyani kwenikweni, ndipo chimamveka bwanji chikakhala m'kati mwa munthu? Anapitiriza kufinya chinangwa chake, osandiyang'ana.

"Achemwali, chija chinatha kalekale," anatero. "Sichinakwane ndi mwezi womwe. Mwina linalidi dzuwa, ine ndingadziwe bwanji? Tsiku limene mayi aja anandigenda ndi chipande ndinafuna kuwathira madzi onse kumaso n'kuchoka osabwereranso. Koma ndinaona nsalu yanu kuseri kwa nkhokwe. Ndinati amenewa sindiwapatsa chokanena. M'mawa uliwonse tulo tikakoma, ndinkadziwa kuti inu mwadzuka kale, mukuyang'ana khomo langa. Kenako ndinangozolowera, ndipo mayi aja ndinayamba kuwakonda, sindikudziwa liti. Nanga wondidziwa kuposa inu ndani?"

Ndinakhala pamwala. Mungaganize kuti ndinakondwa kumva kuti chinthu chija chinazilala, kuti mwina sichinali chakumwamba n'komwe. Ayi. Ndinamva ngati andibera kawiri. Nthawi yonseyo ndinkayesa kuti ndikumukumbira dzenje, osadziwa kuti ndikumupalirira munda. Ngakhale nsanje yanga, chinthu chokhacho chimene chinali changachanga, anakolola ndi iye. Mdzukulu wanga uja akanamva zimenezi kaya akanalemba chiyani m'kabuku kake, kuti chinatsuka chilonda chija ndi Mulungu, ndi dzuwa, kapena ndi diso la mkazi wanjiru wobisala kuseri kwa nkhokwe. Chilondacho chinatsukidwa ndithu, ndipo mayi aja anaikidwa ndi anthu ambiri.

Tsiku lokumana ndi Abambo ndinanena zonse zimene ndinaona, mosachotsera. Abambo anagwedeza mutu, nkhani inali itatha, mng'ono wanga wabwezedwa. Palibe anandifunsa china. Koma ine ndinapitiriza, n'kuulula za miyala ija. Ndisanamizire kuti chinali chilungamo chokha. Mumtima ndinali ndi kachiyembekezo kakuti munthu akadzivula chotere pamaso pa anthu, nayenso amutula. Ndinkati mwina njira yake ndi imeneyi. Ndinamaliza kuyankhula n'kudikira. Amuna anga anali atawerama. Chapatali mbuzi inkalira. Khosi langa linali lolemera monga kale, ndipo mwendo wakumanzere unali utachita dzanzi.

Abambo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chaka chonse ankadziwa kuti pali mawu ena otsala, kungoti sankadziwa kuti ndi ati. Anandiimitsa mpaka Pasaka inayo. Nsalu za paguwa anazipereka kwa mkazi wina amene ankazipinda mokhota.

M'mawa wa Pasaka ndinanyamula mphasa yanga n'kukaiyala pakhomo. Podzitonthoza ndinkati kumbuyo kuja masiku ano n'kumene kuli anthu, sindikakhala ndekha. Koma akazi aja anali atatsata mng'ono wanga kutsogolo, onse, mpaka wa mwana wovuta uja. Ndinatsala ndi nkhuku. Ndinaona misana yawo akupita kukalandira, ndinaona wake pakati pawo, nsalu itamangidwa mopotoka monga mwa masiku onse. Anagwada, analandira, anadzuka. Kenako, m'malo mobwerera pamalo pake, anayenda tchalitchi chonse mpaka kukhomo, n'kundigunda ndi chigongono kuti ndisendere, n'kukhala pamphasa yanga. Mitu yonse inatembenuka. Ndinaona nkhope zawo zikufewa, ena akupukuta m'maso, ndipo ndinadziwa bwino lomwe kuti sakuyang'ana ine.